Mtsamiro wa Nyundo

Pilio, Girisi
15 Malichi 1998

Okondedwa anga Sanije,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, bambo anga ndi mwana wathu Teuta. Kuno ndadzuka wamphamvu, kungoti chisanu cha phiri lino sichinatherebe, m'mawa miyala imaluma zala.

Ndalama ndapatsira dalaivala wa basi ya ku Korcha, wa ndevu zofiira uja. Mugule mbewu ya nyemba ndi mbatata mitengo isanakwere. Bambo muwagulire fodya, asamapemphe kwa anthu ngati alibe mwana ku Girisi. Nkhosa yotsimphina ija musagulitse, ndi imene imabereka mapasa.

Ntchito ilipo. Bwana Stamati watipatsa nyumba yakale imene akuisandutsa hotela, denga lonse la miyala yafulati. Pamwamba timakwera awiri okha, ine ndi Ligor, mnzanga uja wa kutsidya kwa mtsinje kwathu ku Opar. Ena onse ndi a wilibala. Ligor amasema mwala ngati akuwaza nkhuni, koma mkazi wake asamve kuti ndatero.

Mukukumbukira kachotupa ka m'chikhatho changa chamanja, kamene munkati ndi dzira la njiwa? Tsopano ndi dzira la nkhuku. Muwauze bambo kuti mtsamiro wa nyundo, umene amati umamera kwa mmisiri weniweni yekha, pa ine wamera wonenepa kuposa wawo ndi wa agogo kuphatikiza. Lachiwiri Stamati anabwera ndi alendo a ku Atene, n'kukuwa ali pansi: "Selami, tsika udzawaonetse dzanja!" Ndinatambasula. Mayi wina anadinikiza ndi chala n'kuti, "Kalanga ine, kufewa kwake! Sichipweteka?" Ndinati, "Mayi, apa m'pamene imagona nyundo yanga ikatopa." Anaseka onse, Stamati n'kundiponyera paketi ya ndudu.

Sichipweteka ndithu. Kungoti m'mawa zala zitatu zimadzuka mochedwa kuposa mwini wake, koma chimenecho n'chisanu.

Ndine mwamuna wanu,
Selami

Pilio
24 Meyi 1998

Amayi a Teuta,

Moni wa kuno ukufikeni nonse. Yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti chifuwa cha bambo chapepuka. Ine ndili bwino.

Mwati zilembo zanga zikukhala ngati papepalapo padutsa nkhuku, ndipo mukufunsa ngati ndayamba kulemba nditamwa. Mwandilakwira, mayi. Raki wa kuno ndi wodula, komanso ndi madzi enieni, sangaledzeretse munthu wa ku Opar. Cholembera n'chimene chikumandipulumuka.

Khadi loyera lija londiloleza kugwira ntchito kuno latuluka, tsopano apolisi akaima pamsewu sindithawiranso m'tchire. Nsapato za Teuta ndaziona m'tauni ya Volos, madrakima zikwi zisanu ndi chimodzi. Mujambule phazi lake papepala munditumizire, ndisagule zoti akavale chaka chamawa.

Pali kanthu kamodzi. Sabata yatha kapu ya khofi inandigwa ndili chikhalire, osapunthwa, osadzidzimuka. Ligor anati, "Wakalamba m'bale wanga, tsikira ku wilibala." Ndinamuyankha zimene sindingalembe m'kalata yoti Teuta akhoza kuwerenga. Koma Lachisanu nyundo nayo inatembenuka m'dzanja, ndinaswa mwala wabwino umene ndinausema theka la ola. Chala chachikulu sichikukumbatira mpini monga kale. Ndakulunga mpiniwo ndi nsanza kuti unenepe, zikuthandizako.

Za chipatala musayambe. Ndikapanda kukwera tsiku limodzi, Stamati adzaona kuti denga likhoza kuyenda popanda ine, ndipo pabwalo la tchalitchi m'mawa uliwonse pamaima amuna makumi awiri odikira ntchito. Dzanja ili ndi limene limatidyetsa tonse anayi, sindingalipereke kwa anthu amene mankhwala awo ndi mpeni. M'malo mwake mufunse bambo. Agwira nyundo zaka makumi anayi, sangalephere kudziwa chimene amisiri akale ankachita mtsamiro ukakula mopitirira. Mulembe ndendende mmene anenere, osachotsapo, osawonjezera zanu.

Ine wanu,
Selami

Pilio
19 Julayi 1998

Okondedwa Sanije,

Ndili moyo, ndipo ndikupempha Mulungu kuti nanunso akusungeni. Pepani ndachedwa kuyankha.

Malangizo a bambo ndinawatsata onse. Mizere iwiri imene munawonjezera pansi, yondiletsa, ndinaionanso. Paja ndinati musawonjezere zanu.

Tinachita Lamlungu masana, kuseri kwa nyumba imene timagona. Zonse monga ananenera bambo: dzanja pa mwala wafulati, chipewa chaubweya pamwamba pake, tambula ya raki m'mimba, kenako nyundo yamtengo kamodzi kokha, kuti madzi a m'katimo aphulike abalalike, mmene amachitira ndi zotupa za pamfundo ya dzanja. Ligor anayamba wakana.

"Ine ayi, Selami. Chinthu ichi sichikuoneka ngati cha madzi."

"Iwe udokotala unauyamba liti? Miyala umaimenya ngati inakubera mkazi, lero wagwidwa chisoni?"

"Nanga ndikaswa fupa?"

"Bambo anga anaphulitsa zotere zisanu, palibe fupa linasweka. Menya, mbuzi iwe!"

Anamenya. Sanije, ndinaona moto. Unachoka m'chikhatho n'kukafika m'chigongono ngati ndagwira waya wa magetsi, ndipo zimene ndinakuwa anazimva anthu a kutchalitchi. Titachotsa chipewa, chinthucho chinali pompo, osaphulika, osaphwa. Ligor anakhala pansi n'kumaliza botolo yekha.

Dzanja linatupa masiku khumi. Stamati ndinamuuza kuti unandigwera mwala, anandipatsa ntchito yokoka chingwe ndi kuloza. Tsopano kutupa kwatha, ndabwerera pamwamba. Zala zitatu zija sizikudzukanso ngakhale dzuwa litakwera. Dzulo ndinadzicheka ndi tchizulo, ndinadziwira magazi pamwala.

Bambo muwauze kuti zathandiza. Muwauze choncho basi.

Udzu wa nkhosa mumwete mwezi uno mvula isanaunyowetse. Mchimwene wanu Nuri akuthandizeni, ndidzamubweretsera wailesi imene amalira ija. Mu Ogasiti sinditha kubwera, denga latsalira chifukwa cha masiku khumi aja.

Selami

Pilio
25 Okutobala 1998

Sanije wanga,

Makalata anu atatu onse anafika. Musakwiye, kulemba kwasanduka ntchito, iyi ndailemba Malamlungu awiri. Kaya inu ndi a pakhomo muli bwanji, ine thupi lonse lili bwino kupatula chimene mukuchidziwa.

Mwapambana, ndinapita kuchipatala. Sikuti ndinamvera inu ayi. Nyundo inandipulumuka ndili pamwamba, inatsetsereka denga lonse n'kugwera pafupi ndi mapazi a mkazi wa Stamati. Bwanayo sanakalipe. Anangoti, "Selami, usakwerenso mpaka undibweretsere pepala la dokotala." Bola akanakalipa.

Dokotala woyamba anajambula mafupa n'kuti ali bwino, koma pali mthunzi umene sakuumvetsa. Ananditumiza kwa dokotala wa manja, mayi wamfupi dzina lake Evanthia. Ndinapita ndi Ligor kuti azindimasulira, poti Chigiriki changa n'cha miyala ndi simenti. Mayiyo anaika manja anga awiri patebulo, zikhatho kumwamba, n'kundionetsa chimene ine mwini manja sindinaone. Patsinde pa chala chachikulu chamanzere pali mnofu wotumphuka. Kumanja pali dzenje. Mnofu unatha kalekale, chotupacho n'chimene chinkandinamiza kuti dzanja ndi lodzaza.

Anandilowetsa m'makina ojambula m'kati mwa thupi, aphokoso ngati chigayo. Patapita sabata anandionetsa zithunzi. Chinthucho chinaoneka choyera, kutalika kwake ngati chala changa chapakati, ndipo chili ndi nthambi zolowa pakati pa mitsempha mpaka pamfundo ya dzanja.

"Ndi mafuta," anatero dokotala.

Ndinaseka. "Mayi, mundione bwino. Nthiti zanga zimaoneka ndili m'jekete. Ndiye kuti mafuta onse a thupi langa anakachitira msonkhano m'chikhatho?"

Iye sanaseke. Anati zotupa za mafuta zimakonda kumsana, paphewa, pantchafu, ndipo kumeneko sizivuta. Koma m'kati mwa chikhatho, chachikulu chotere, pa zaka zake zonse za ntchito ichi n'chachiwiri. Anaitana madokotala anzake atatu kuti adzaone. Mu Malichi ndikanadzitama nazo. Akuti chakanikiza mtsempha umene umapereka mphamvu ku chala chachikulu ndi kumva ku zala zitatu zija. Ngati ndi mafuta wamba kapena khansa, adzadziwa akachichotsa n'kuchiyeza.

Kenako analoza malo ena pachithunzi n'kufunsa funso. Ndinagunda Ligor ndi chigongono.

"Akuti chiyani, iwe?"

"Akuti apa pali chipsera cha m'kati. Akufunsa ngati dzanjali linamenyedwapo."

Ndinati unandigwera mwala. Mayiyo anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana Ligor, n'kulemba m'kabuku kake.

Opaleshoni ndi pa 3 Disembala. Kabuku ka inshuwalansi ya chipatala ndili nako tsopano, choncho musagulitse kanthu pakhomo. Bambo muwauze kuti ndapeza ntchito ina m'tauni. Liwu lija la khansa Teuta asalimve, ali ndi mayeso.

Mwamuna wanu,
Selami

Volos
6 Disembala 1998

Okondedwa anga Sanije,

Musadabwe ndi zilembo zoipa kuposa zanga, akulemba ndi Ligor, ine ndikungonena. Ndikukupatsani moni nonse. Ndadzuka, ndadya, dzanja alikulunga nsalu mpaka m'chigongono.

Anandichita Lachinayi. Sanandigonetse. Anandibaya jakisoni kukhwapa, mkono wonse n'kufa, n'kutchinga nsalu kuti ndisaone. Ndinkangomva zitsulo zikugundana ndi iwo akuyankhula motsitsa. Dokotala Evanthia anavala magalasi a timaso tina kutsogolo, onga a wokonza mawotchi. Zinatenga maola awiri ndi theka. Ine amene ndimakalipira anthu padenga, ndinagona chagada osadziwa chimene akuchita ndi dzanja langa, osatha ngakhale kunena kuti apo ayi. Ndinachita mantha, Sanije. Ligor akufuna kudumpha mawu amenewa, ndamuuza kuti alembe.

Atamaliza anandionetsa m'kambale kachitsulo. Chachikasu, chonyezimira, chokhala ndi timiyendo, mafuta enieni a nkhuku yoikira. Ndinati andipatse tikakazingire anyezi, namwino yekha ndi amene anaseka. Akuti chatuluka chonse, ndipo achitumiza kokayeza. Yankho lidzabwera chaka chikalowa.

Nkhuni ngati zachepa mudule mtengo wa mapulamu umene unauma uja. Pa Chaka Chatsopano muphike lakror, chitumbuwa chathu chija cha anyezi, monga nthawi zonse, mbale yanga adye Nuri.

Ndine wanu,
Selami

Alamu, ndine Ligor. Izi ndawonjezera iye atapita kosinthitsa bandeji, sakudziwa. Dokotala anandiuza pakhonde zimene iye sanakulembereni. Akuti mtsempha uja anaupeza wophwatalala chifukwa chokanikizidwa zaka zambiri, ndipo kanthambi kopita ku chala chachikulu kanali kowonda ngati ulusi, komatirira m'chipsera pamalo pamene panamenyedwa. Akuti mwamuna wanu akanabwera chaka chatha, ngakhale mu Meyi momwemo, mwina chalacho chikanapulumuka. Ndinafunsa ngati kumenya kuja n'kumene kwapha chalacho. Anati sangalumbire, koma sikunathandize. Amene anamenya ndine, alamu. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinamenya. Mawu ena ndilibe. Chakudya ndikumuphikira ine, ndevu ndikumumeta ine, za zimenezo musade nkhawa.

Pilio
14 Febuluwale 1999

Sanije,

Iyi ndalemba ndekha ndi lamanzere, muwerenge pang'onopang'ono mmene ndalembera. Moni kwa inu, kwa bambo ndi kwa Teuta. Ine ndilipo.

Si khansa. Pepala labwera, ndi mafuta wamba, ndipo akuti kawirikawiri sichimeranso. Ligor analira misozi, anakagula nyama ya nkhosa tinawotcha. Stamati anatumiza thumba la malalanje. Aliyense akuti ndithokoze Mulungu, ndipo ndikuthokoza ndithu. Nanunso mtima ukhale pansi.

Bala lapola bwino. Zala ziwiri zayamba kumva, zimabaya m'kati, dokotala akuti n'chizindikiro chabwino. Koma ndikapita amandiuza kuti ndigundanitse chala chachikulu ndi chaching'ono. Mwana wa zaka ziwiri amatha zimenezi. Ine ndimachiyang'ana, ndimachinyengerera, ndimachitukwana, icho chimangogona pambali. Andipatsa kampira koti ndizifinya. Ndimafinya tsiku lonse, poti ntchito ina ndilibe.

Ndikudziwa kuti Ligor anakulemberani zina, chifukwa yankho lanu linafatsa mopitirira, silinamveke ngati lanu. Musamusungire chakukhosi, anamukakamiza ndine. Ndipo bambo asamve. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, chimene atsala nacho ndi kudziwa kuti amadziwa. Akafunsa za mtsamiro muziti unaphwa.

Mwezi uno dalaivala musamudikire pamsewu, sindinamupatsire kanthu.

Selami

Pilio
13 Juni 1999

Okondedwa anga Sanije,

Kaya kumeneko mwadzuka bwanji, ine ndadzuka. Ndamva kuti Teuta wakhoza, mumupsompsone pachipumi m'malo mwanga.

Ndinakwera. Stamati ndi munthu, anandipatsa mwayi Lolemba m'mawa. Mwala ndinasankha bwino, maso sanaiwale kanthu. Ndinagwira nyundo ndi zala zinayi, chachikulu chikungoonerera. Kumenya koyamba kunapita pambali. Kachiwiri nyundo inauluka. Ndinayesa ndi lamanzere, mwala unang'aluka pakati. Ligor anatola nyundoyo n'kuti, "Mpini uwu ndi woterera, mawa tiusintha." Ndinatsika ndekha Stamati asanatsegule pakamwa.

Dokotala Evanthia akuti miyezi isanu ndi umodzi yadutsa ndipo mnofu umene unatha uja sukubwerera. Akuti ku Atene kuli opaleshoni ina, amasamutsa mtsempha wa chala china kuti uzikoka chachikulu, munthu n'kumatha kugwira supuni ndi cholembera. Ndinafunsa za nyundo. Anati, "Bambo Selami, supuni ndi cholembera." Mawu amenewa sindinafune wondimasulira.

Tsopano ndili pa wilibala, iyo sifuna chala chachikulu. Malipiro ndi theka. Pamwamba pali Ligor ndi munthu wina wa ku Berat amene amayala miyala ngati akuyanika zovala. Ndimaona ndili pansi pamene padzadonthe chisanu chikubwerachi. Ndikakuwa, iye amangokodola kuti ndibweretse miyala ina, ine n'kubweretsa. Zimandiwawa, Sanije, kuposa nyundo yamtengo ija.

Ndibwera mu Ogasiti. Zoti ndidzabwererenso kuno sindinaganize, ndikayamba kuganiza mutu umangoima. Mphatso sizichuluka chaka chino, mumuuziretu Nuri.

Malaya oyera amene munandisokera afika, andikwana bwino. Mabatani a pachifuwa ndaphunzira kumanga ndi lamanzere. Limene landikanika ndi la pamkono wamanzere, chifukwa limafuna dzanja lamanja. Amandimangira Ligor m'mawa uliwonse, iye akuyang'ana kukhoma, ine ndikuyang'ana pansi. Ndikabwera ntchito imeneyi ikhala yanu. Muzidzandimangira tili kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndisanatuluke kukapatsa bambo moni.

Ndine mwamuna wanu,
Selami